Magiya a mano 63 ndi 39 a ka lathe kanga, pomwe ntchito yafika

Poyambira

Lathe ndi makina osendera zitsulo ndi kudulira mazinga a mabawuti, ndipo yomwe ndikunenayi ndi kaja kakang'ono ka ku China ka pa tebulo, kamene ambiri amangoti 7x14. Leadscrew yake, bawuti yaitali yoyendetsa tulu podula mazinga, ndi ya mazinga a 1.5 mm ndipo kanabwera ndi magiya a pulasitiki a mano 20 awiri, 30, 35, 40 awiri, 45, 50, 60 ndi 80 awiri. Mazinga a metric kamadula bho, M6, M8, M10 zonsezo palibe chovuta. Pomwe pakundivuta ndi pa njinga. Ma ekiselo ambiri akumbuyo a njinga zathu zonyamula katunduzi ndi a 3/8 inchi, mazinga 26 pa inchi imodzi, mapedulo ndi 9/16 a mazinga 20, makapu a pakati paja pozungulira ma crank ndi a 24, zonse ndi za inchi zomwe anatisiyira angerezi. Ndiye achimwene ena okonza njinga za akabaza kuno ku Ndirande andipempha ekiselo yaitali kuposa zogulitsa m'mashopu, ndi ya njinga ya matayala atatu ya bambo wina wa ulumali wa miyendo, ndipo akufuna kuti makoni (timanati tosongoka togwira mabelingi) ndi manati wamba a njinga azilowa, zikatha mwini wake azingogula pa msika osachita kudzandifunafuna ine.

Wina anena kuti bwanji osangodula mazinga a 1 mm pa chitsulo cha 9.5 basi, si zofanana? Ayi ndithu. 26 pa inchi ndi 0.977 mm, kusiyana kwake ndi 0.023 pa zinga lililonse, koni imalowa bwino mazinga angapo oyamba kenako imayamba kulimba, ukakakamiza ndi sipanala ndiye kuti wadya mazinga onse awiri, a koni ndi a ekiselo omwe. Munthu amene njingayo ndiye miyendo yake sindingamupatse zimenezo.

Masamu ake

Inchi ndi 25.4 mm ndendende, anagwirizana choncho mu 1959, ndipo 25.4 kuchulukitsa ndi 5 ndi 127. N'chifukwa chake ma lathe akuluakulu amakhala ndi giya ya mano 127, imeneyo ndiye imamasulira inchi kupita ku metric popanda kuphonya ngakhale pang'ono. Koma 127 sigawika ndi nambala ina iliyonse ndiye sungaichepetse, ndipo magiya a ka lathe kangaka ndi a module 1 (module ndi saizi ya mano), kutanthauza kuti giya ya 127 ikhala ya 129 mm m'mimba mwake, malo ake kulibe kuseri kuja, igunda shafti ndi kavala yomwe.

Chomwe chimapulumutsa ndi 63. Ukagawa 100 ndi 127 umapeza 0.78740, ukagawa 63 ndi 80 umapeza 0.78750, ndiye 63 itha kuimira 127, zayandikana moti pa 25 mm ya mazinga kuphonya kwake ndi 0.003 mm, veniya yanga yoyezera singaone n'komwe. Ndakhala pansi ndi kakyuleta ya pa foni, magiya amamangidwa anayi, A pamwamba, B ndi C pa shafti imodzi pakati, D pa leadscrew, lamulo lake ndi lakuti mano a A kugawa ndi a B, kuchulukitsa ndi a C kugawa ndi a D, kuchulukitsa ndi 1.5 ya leadscrew ija, zimapereka mtunda wa pakati pa mazinga mu mm, ndipo zatuluka motere. Mazinga 20 ndi A 40, B 63, C 60, D 45, zikupereka 1.2698 pomwe yeniyeni ndi 1.27. Mazinga 24 ungosintha C kukhala 50. Mazinga 26 ndiye akufuna giya inanso ya 39 chifukwa mu 26 muli 13, ndiye A 40, B 39, C 40, D 63, zikupereka 0.9768 pomwe yeniyeni ndi 0.9769. Apa 63 iyenera kukhala pa leadscrew osati pakati, ukaika pakati ndi ka 39 pansi mano a 63 amakhala pafupi kwambiri ndi shafti ya leadscrew.

Ndiye magiya ndi awiri, 63 ndi 39. Alipo ogulitsa kunja inde, koma ndi mmene forex ikuvutiramu komanso kudikira katundu miyezi, ndaona kuti ndingopanga. Milling machine yodulira mano ndilibe, dividing head yogawira mano mofanana ndilibe, zonse zichitikira pa lathe yomweyi.

Loweruka, kusaka zipangizo

Ndinayamba ndi anyamata oumba mapoto a aluminiyamu, anandithirira zimbale ziwiri mu mchenga. Kunja zimaoneka bwino koma nditangosenda 2 mm munatuluka timabowo ta mpweya paliponse, ndipo dzino la module 1 ndi laling'ono, m'lifupi ndi 1.57 mm basi, kabowo kamodzi kakagwera pa dzino ndiye kuti dzino palibe. Pa poto zilibe kanthu, ntchito yawo ndi yabwino, koma ya giya ayi. Bolodi ya pulasitiki yodulirapo nyama ija nayonso ndi yofewa kwambiri, mano ake angapindike, komabe ndagula ziwiri zokhuthala chifukwa zili ndi ntchito ina. Mapeto ake ndapeza kachidutswa ka Delrin ka 70 mm kotsala pa shopu ina ya za engineering, mtengo wake unandiwawa koma ndi pulasitiki yoyenera magiya, simamwa chinyezi ngati nayiloni ndipo imadulika mosalala. Ya 39 ndipanga ndi chidutswa cha aluminiyamu wa pulete wa 10 mm, osati wothira.

Magiya oyambirira ndawayeza onse kuti ndifanizire, kukhuthala 8 mm, bowo 12 mm, keyway (kangalande ka m'bowo koletsa giya kuterereka) 3 mm. Kunja kwa giya lamulo ndi mano kuonjezera 2 kuchulukitsa ndi module, ndiye 63 ikhala 65 mm, 39 ikhala 41 mm, kuya kwa dzino 2.25 mm.

Chimbale chogawira mano

Apa ndi pomwe pagona ntchito yonse ndiye ndifotokoza bwinobwino. Kudula dzino limodzi aliyense atha, nkhani ndi kugawa bwalo mu magawo 63 ofanana kuti ukazungulira dzino lomaliza lisatuluke lonenepa kapena lowonda. 63 sungaipeze kuchokera ku magiya omwe ndili nawo, 60 sithandiza, 45 sithandiza.

Ndatenga bolodi ya nyama ija ndadula mozungulira ndi hakiso, ndamanga pa bawuti ya M12 mu chaki, chogwirira chinthu chomwe chikusendedwa. Cholinga ndi chakuti kuzungulira kwa m'mphepete mwake kukhale 504 mm ndendende, chifukwa 63 kuchulukitsa ndi 8 ndi 504, m'mimba mwake pafupifupi 160.4 mm. Ka lathe aka kamathera pa 180 ndiye kakwana koma movutikira, compound, kachipangizo kosuntha konyamula tulu, ndinachita kuitembenuza ndi kuibweza mpaka kumapeto kuti tulu ifike, liwiro lotsika kwambiri. Sindinadalire veniya apa. Ndadula tepi yachitsulo yakale yothyoka, kuyambira pa 100 mm mpaka kupitirira 604 pang'ono, ndimasenda pang'ono, kuimitsa, kukulunga tepi, kuona, kusendanso, mpaka mzere wa 604 unagona pamwamba penipeni pa mzere wa 100. Chifukwa chake ndi chakuti tepi nayo ili ndi kukhuthala kwake, ukangoyeza 160.4 ndi veniya n'kukulunga tepi upeza mizere yasemphana ndi theka la milimita kapena kuposa. Kumapeto kuja ndimachotsa tating'ono kwambiri, chifukwa ukachotsa 0.1 pa dial ya cross slide yolowetsera tulu mkati, kuzungulira kumachepa ndi 0.6.

Tepi nditaimata ndi selotepi ndalemba kaye ndi maka pa 8 mm iliyonse, 108, 116, 124 mpaka kubwerera, ndawerenga madontho akwana 63. Pa toolpost, pomangira tulu paja, ndamanga kachitsulo kokhala ndi bowo la 2 mm kolondolera dirilo, pamwamba pake kasingano kolozera pa tepi, ndiye ndimazunguza chaki ndi dzanja mpaka singano iloze mzere, kuyang'ana ndi galasi lokulitsa, kuboola ndi dirilo ya m'manja m'mbali mwa tepi, kupita pa mzere wina. Pini yolowa m'mabowomo ndi sipoko ya njinga, ndi ya 2 mm yomweyo, imalowa mothina bwino. Bolodi yachiwiri ndachita chimodzimodzi ya 39, 12 mm iliyonse, kuzungulira 468 mm, m'mimba mwake pafupifupi 149.

Usiku umenewo ndinali ndi nkhawa kuti mwina dzanja limaphonya 0.2 mm pena ndi pena ndiye ndinawerengera kuti zitanthauza chani. Chimbale ndi chachikulu kuposa giya kawiri ndi theka, ndiye 0.2 pa chimbale ndi 0.08 pa dzino. Ndipo giya ya 63 ikakhala pa leadscrew, dzino lathunthu limayendetsa carriage, chonyamula tulu chija, 0.024 mm yokha, pomwe 0.08 ndi kachigawo kochepa ka dzino, pa mazinga sizifika ngakhale 0.001 mm. Ndiye choopa chenicheni si pitch, mtunda wa pakati pa mazinga, ayi, ndi giya yozungulira mopendama kapena mano ogwirana pena polimba pena pokhwepa.

Lachiwiri madzulo

Ma blank onse awiri, timawilo ta magiya tisanadulidwe mano, atha. Bowo ndaboola 11.5 kenako kumalizitsa ndi boring bar mpaka bush ya magiya ilowe mokankha ndi chala. Delrin imafuna tulu yakuthwa kwambiri ndipo ikatentha imakula, ukayeza ili yotentha bowo limadzathina ikazizira, ndiye ndimaisiya kaye. Ndapanga mandrel, kashafti komangirapo blank, ya 12 mm yokhala ndi nati kumapeto, ndaisenda ili mu chaki ndipo sindiichotsa mpaka mano onse atathe, 65 mm ya kunja ndasendera pa mandrel pomwepo kuti bowo ndi mano zikhale pa senta imodzi. Kuseri kwa blank ndasiya mpata wa 15 mm kuti tulu izituluka osagunda chaki.

Chimbale chija chikukhala kumbuyo kwa spindle, shafti yozunguza chaki. Bowo la spindle ndi 20 mm ndiye ndapanga kapaipi kong'aluka kumapeto kokhala ndi nati yosongoka mkati, ukamanga bawuti kamatambasuka n'kugwira, mmene imagwirira bawuti ya handulo ya njinga mu foloko. Magiya onse akuseri ndachotsa kuti pakhale malo, mkono wogwira sipoko ndi flat bar yomangidwa pa tebulo ndi mabawuti awiri.

Kunola tulu

Odula magiya enieni amagwiritsa ntchito ma cutter ozungulira, seti imakhala ndi 8 pa module iliyonse chifukwa maonekedwe a dzino amasintha malinga ndi kuchuluka kwa mano, nambala 7 ndi ya mano 55 mpaka 134, nambala 6 ndi ya 35 mpaka 54. Amene mukufuna kuitanitsa samalani, pa ma cutter a inchi manambalawa amayenda chobwerera. Koma mfundo yomwe ndatolapo ndi yakuti ngati cutter imodzi ikudula kuyambira 55 mpaka 134, ndiye mpata wa pakati pa mano a giya yanga ya 60 ndi chikombole chokwanira cha 63, ndipo wa 40 ndi wa 39.

Ndatenga HSS, chitsulo cholimba chopangira ma tulu, ya 6 mm, pa giraindala ndapanga kaye V ya madigiri 40, 20 mbali iliyonse, kenako m'mbali mwake ndafukula pang'ono ndi kamwala kozungulira ka pa dirilo chifukwa mbali za dzino ndi zokhota, sizowongoka. Ndimalowetsa tulu pakati pa mano a giya ya 60 n'kuyang'ana ku dzuwa, pomwe pakudutsa kuwala ndiye kuti sipanagwire, pomwe pagwira ndimanolako pang'ono, kubwereza choncho mpaka kuwala kunangotsala kamzere kowonda ngati tsitsi mbali zonse ziwiri. Nsonga ndaisiya yaitali pang'ono kuti pansi pa mpata pakhale malo. Kumalizitsa ndi mwala wa oyilo. Zatenga madzulo onse koma nthawi imeneyi sindikuidandaula, giya yonse ikutengera kachitsulo kameneka.

Kudula mano a 63

Pulagi ndazula ku khoma, motor sikufunika apa ndipo ikangoyaka mwangozi sipoko ili m'bowo ndiye zonse zaphwasuka. Ubwino wake magetsi akathima ntchito imapitirira. Tulu yagona cham'mbali pa toolpost, pakati pake pakhale pa senta yeniyeni ya spindle, ndayeza ndi nsonga ya tailstock (chochirikiza chitsulo kumapeto kwa lathe) mobwerezabwereza chifukwa ikakwera kapena kutsika mano onse amatuluka otsamira mbali imodzi. Kugunditsa tulu pa blank, dial pa ziro, ma gib ochotsa kugwedera kwa cross slide kumangako pang'ono, ndiye kuyamba kupala, carriage kupita ndi handulo, kubwerera, kulowetsa 0.1 mm, kupitanso.

Sindinamalize dzino limodzi limodzi mpaka pansi. Ndazungulira giya yonse mpaka 1.5 mm, kuzunguliranso mpaka 2.1, ulendo womaliza 2.25 dial osaisuntha mosiyana, kuti onse afanane komanso dzino lowonda lisakankhidwire ku mpata wopanda kanthu. Delrin imatuluka ngati timaliboni toyera topiringizika, phokoso lake ndi ka tswii basi. Chinthu china, pochotsa sipoko kupita bowo lotsatira ndimazunguza mbali imodzi yokhayokha, ndipo ndamanga chingwe pa chaki cholendewera botolo la madzi la 2 litre kuti chizikokera mbali imodzi nthawi zonse, sipoko imagwedera pang'ono ndiye botololi limachotsa kugwederako.

Nditamaliza ulendo woyamba ndinabweza sipoko pa bowo loyamba ndi kulowetsa tulu mu mpata woyamba uja, inalowa osakhudza mbali. Mtima unakhala pansi apo. Dzanja lamanja ndiye latupa pachikhatho, handulo ya carriage ndi yaing'ono, ndakulungapo chubu cha njinga.

Keyway ndapala mwa njira yomweyo, tulu ya 3 mm mu boring bar, kuya pafupifupi 1.5 mm. Tinyenyeswa ta m'mbali mwa mano ndachotsa ndi lezala.

Ya 39

Aluminiyamu ndi wovutirapo. 0.1 mm ndi yambiri, carriage imanjenjemera ndipo tulu imafuna kukumba, ndatsika pa 0.05 ndi kumadonthezera palafini, apo ndiye zinayenda. Tulu ndanolanso kutengera giya ya 40, mano ake ndi okhota kwambiri kuposa a 60, ukaziika pamodzi umaona ndi maso. Mano ndi ochepa koma nthawi yatenga yofanana ndi ya 63. Ndikanakhala ndi Delrin yotsala ndikanapangira yomweyo, ndipo ena amafuna kusintha magiya onse akhale achitsulo ine sindikugwirizana nazo, tsiku lomwe carriage idzagunde chaki ndi bwino lithyoke dzino la pulasitiki kusiyana ndi kupinda leadscrew kapena kuphwanya magiya a mkati mwa headstock, bokosi lokhalamo spindle, omwe kuwasintha mpaka kumasula spindle yonse.

Lamlungu masana, kuyesa

Ndamanga 40, 39, 40, 63. Pakati pa magiya awiri aliwonse ndimapanikizapo kapepala ka kope pomanga banjo, bulaketi yonyamula magiya, kenako kukachotsa, mpata wotsalawo ndiye woyenera. Kuzunguza ndi dzanja kaye. Panali malo amodzi pa 63 pomwe pamalimba pang'ono, ndapaka maka pa mano n'kuzunguza, inafufutika pa mano awiri oyandikana, ndakhudzako ndi tupa yaing'ono kawiri katatu zatheka. Ndi motor pa liwiro lotsika phokoso lake silikusiyana ndi la magiya a fakitale.

Chitsulo ndi bawuti yaitali ya M12 ya 8.8, ndasenda mpaka 9.5 mm. Mazinga a njinga ndi a madigiri 60 ndiye tulu ya metric yomwe ija ikugwira, kuya kwake pafupifupi 0.52 mm. Ulendo woyamba kungokanda, ndawerenga mipata 26 ya pakati pa mizere ndi kuyeza, veniya ikuti 25.4. Chofunika kukumbukira, pa mazinga a inchi ndi leadscrew ya metric, half nut yolumikiza carriage ku leadscrew sumatsegula mpaka utamaliza, thread dial yolozera potsekeranso half nut apa ilibe ntchito, ukatsegula sudzagweranso mu zinga lomwelo. Ndiye ukafika kumapeto kuimitsa motor, kubweza tulu, rivesi, kulowetsanso. Ka lathe aka kalibe buleki ndiye ndimazimitsa kutatsala zinga limodzi ndi kumalizitsa ndi dzanja pa chaki. Chitsulo chowonda chonchi chimathawa tulu, ndatulutsa 60 mm yokha kunja kwa chaki ndi kuchirikiza ndi tailstock.

Koni yatsopano ya pa msika yalowa ndi zala kuyambira koyamba mpaka kumapeto kwa mazinga, osalimba pena paliponse, kugwedera kulibe. Nati yakale ya pa njinga ya achimwene aja nayonso yalowa chimodzimodzi. Ndasangalala kwambiri aise, zoona.

Zomwe zatsala

Mbali inayo ya ekiselo ndidula mawa, ikufuna mazinga aatali chifukwa kumeneko kuli koni, lock nut, bulaketi ndi nati yakunja. Achimwene aja abwera ndi habu kuti tiyezere limodzi kutalika ndisanadule chitsulo. Mazinga 20 ndi 24 sindinayese, a pedulo ya kumanzere ndi a left hand ndiye ka lever ka kuseri kwa headstock kaja kayenera kutembenuzidwa, ndiyesa kaye pa aluminiyamu.

Komanso a pulambala ena atamva ayamba kale kufunsa za ma adaputala a mapaipi a 1/2 inchi BSP, mazinga a chingerezi a mapaipi. Amenewo ndi mazinga 14 pa inchi, a Whitworth a madigiri 55, ndiye tulu ina yonola. Ndi 63 masamu akutuluka koma akufuna giya ya 21 ndipo magiya akupanikizana kwambiri pa shafti ya A. Ndapeza njira ina, A 50, B 31, C 45, D 60, ikupereka 1.8145 pomwe yeniyeni ndi 1.8143. Ndiye giya yotsatira ndi ya 31, kunja 33 mm, chikombole giya ya 30, chimbale chake 16 mm iliyonse kuzungulira 496 mm. Bolodi ya nyama yatha, ndikagula ina Loweruka ku Limbe pamodzi ndi HSS ina ya 6 mm.